Mchira wa Makina

Sabata yanga yoyamba pa Luchenza
maso anga anali kumutu kokha,
uko kuli mota, lamba ndi nsagwada zitatu
zoluma chitsulo osachilavula.
Ndinkati ntchito yonse ili kumeneko
poti ndiko kumachokera phokoso.

A Muhiwa sananditsutse.
Anandipatsa chitsulo chotalika ngati mkono wanga,
amvekere, "Manga, uyatse."
Ndinamanga, ndinayatsa.
Nsonga yakutali inayamba kuvina tchopa,
mpeni ukati ukhudze, chitsulo chikuthawa,
chikulira ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula.

Anazimitsa okha.
Ndi dzanja limodzi anakankha chimtolo chija
chimene ine ndinkakolekapo chipewa.
Chinatsetsereka panjanji zake, mwakachetechete,
nkuima pamene iwo anafuna.
"Uwu ndi mchira. Mabuku ako amati telesitoko.
Suchita phokoso, sudya magetsi,
koma ukaunyoza udzasema nthochi."

Choyamba, anatero, salaza nkhope ya chitsulo,
kenako uboole pakati penipeni
ndi kadirilo kakafupi, konenepa m'chiuno,
kamene kamathyoka ukakafulumiza.
Ndinathyola tiwiri. Analemba m'kope.
Kadzenjeko ndiko mpando wa senta,
madigiri sikisite, osaonjeza,
senta itsamire makoma, nsonga isagunde pansi.

M'kabati mwawo munali senta ziwiri,
zokutidwa m'sanza ya malaya a mpira.
Ina yamoyo, ya mabeling'i m'mimba,
yozungulira limodzi ndi ntchito.
Inayo ankaitcha yakufa.
Siizungulira. Imangoima, chitsulo nkumaipera,
ndipo chimene imapempha ndi girizi basi,
kadontho ka pachala.

Lachinayi lina chiperoni chitatseka msewu wa ku Thyolo,
zala zili gwa ndi kuzizira,
ndinaiwala kadonthoko.
Ndinamanganso gudumu mopitirira, kuopa kuvina kuja.
Sindinkadziwa kuti chitsulo chikatentha chimakula,
chimafuna malo ngati phazi lotupa m'nsapato.
Kunayamba kulira kopyapyala, kenako utsi,
nsonga inatuluka yobiriwira ngati khosi la nkhunda.
Ndinadikira kukalipiridwa.
A Muhiwa anaiviika m'madzi, naiponya m'thumba la ovolosi yanga.
"Sunga. Imeneyo yakuphunzitsa kuposa ine."

Ndiye kunabwera shafuti ya chigayo
cha a Nahache a ku Thekerani,
eni ake atakhala pabenchi, akuwerenga maola.
Ndinaisema bwino, yonyezimira ngati ndalama yatsopano.
Maikulomita inakana.
Kumutu muyeso ndendende, kumchira kunenepa
ndi katsitsi kamodzi kokha,
koma beling'i sadziwa chisoni.

Anachotsa shafuti, nabweretsa mchira pafupi
mpaka nsonga ziwiri zitayang'anana.
Pakati pake anapanikiza lezala wometera ndevu.
"Akaima chilili, agwirizana."
Lezala anapendama.
Mchira unali utapatuka pang'ono,
mwina kuyambira mwezi watha, osauza munthu.
Tinamasula bawuti la uku, kumanga la uko,
pang'onopang'ono, ngati kukambirana mlandu wa banja,
mpaka lezala anaima njo.
A Nahache anagona pa Luchenza usiku umenewo.
Sanandipatse moni m'mawa.

Tsopano chisanazungulire chilichonse
ndimapukuta chibowo cha mchira ndi sanza,
poti kanyenyeswa kamodzi kamasocheretsa senta.
Ndimatseka chogwirira, ndimadonthezera girizi,
ndipo ntchito ili mkati
ndimagunda kumbuyo kwa dzanja kumva ngati kwatentha,
nkubweza gudumu pang'ono kuti chitsulo chipume.

Mwezi utatha ndinakwera kabaza kupita kumalaini.
Ndinapeza amayi akuchokera kothyola tiyi,
mzere wa lamba wa dengu udakali pamphumi.
Anafunsa ngati fizi ya teremu ino yakwana.
Ndinayang'ana zala zawo zong'ambika,
dzanja langa lili m'thumba,
likusisita nsonga yopsa ija.
Ndinati yakwana, amayi,
khalani pansi kaye, madzi ndikatunga ndine.